Mutu 8: Tiyi wa ku Mulanje ndi Nzeru Yosankha Ogula

Munthu akatsegula bizinesi n'kuoneka kuti yamuyanja, sipatenga nthawi anzake asanatsegule yofanana nayo pambali pomwepo. Pa Chitakale, pa Nkando kapena pa Limbuli mupeza tizisakasa ta Airtel Money ndi Mpamba titandandana, tonse tikudikira kasitomala mmodzi yemweyo. Ogulitsa zinanazi m'mphepete mwa msewu wopita ku Muloza amaunjika milu yofanana, mtengo wakenso umodzi, ndipo minibasi ikangoima onse amathamangira pawindo limodzi. Wogula akati "zadula", wina amachotsera, mnzake amaika basera, wachitatu amachotseranso, mpaka chinanazi chimapita pa ndalama yosabweza ngakhale thukuta la amene anachisenza kuchokera kumunda. Pagululi palibe waulesi. Onse analawirira, onse atopa. Chavuta n'chakuti wogula alibe chifukwa chosankhira uyu kusiya uyo, ndipo zikafika pamenepo chotsala choti alimbiranepo ndi mtengo basi.

Alimi a nandolo a ku Mulanje ndi ku Phalombe anaziona zimenezi m'chaka cha 2017. Zaka ziwiri m'mbuyo mwake mtengo unali utakwera kwambiri chifukwa ku India, kumene nandolo wathu wambiri amapita, mvula inavuta. Aliyense anadzala nandolo. Kenako Amwenye anakolola wawo wochuluka, boma lawo linaika malire a nandolo wolowa m'dzikomo, ndipo kuno matumba anangoti mbwee m'nyumba, mavenda akutchula mtengo umene akufuna. Nandolo wa mlimi wa kwa Mabuka sankasiyana ndi wa ku Milange kapena wa ku Tanzania. Wogula akanatha kupita kulikonse, ndipo anapitadi.

Funso la mutu uno ndi lakuti kampani, kaya ndi yaikulu kaya ndi ya munthu mmodzi, ingatuluke bwanji m'khwekhwe lotere.

Njira zitatu za Porter

M'chaka cha 1980 mphunzitsi wina wa pa yunivesite ya Harvard ku America, Michael Porter, anatulutsa buku lotchedwa Competitive Strategy, lomwe mpaka lero limawerengedwa m'masukulu ophunzitsa za malonda. Mfundo yake yaikulu ndi yakuti njira zoposera anzako pamsika zilipo zitatu. Ukhoza kupanga katundu motchipa kuposa wina aliyense, moti ngakhale mitengo itagwa iwe upezabe kangachepe pamene anzako akutseka. Ukhoza kupanga katundu wosiyana ndi wa anzako m'njira imene wogula amaiona ndipo amalolera kuilipirira. Ukhozanso kusiya msika waukulu, n'kusankha kagulu ka ogula kamene ena sakukasamala, n'kukatumikira bwino kuposa aliyense. Porter anachenjeza kuti kampani yofuna zonse nthawi imodzi imatsakamira pakati: siitchipa mokwanira kuti ikope osaka zotchipa, siiposanso mokwanira kuti ikope osaka zabwino. Makolo athu anazinena kalekale kuti ichi chakoma ichi chakoma pusi anagwa chagada.

Njira yoyamba ija imakoma kuimva, koma ndi ya mmodzi yekha pamsika uliwonse, ndipo kawirikawiri amakhala uja wa mpamba waukulu, makina aakulu ndi msewu waufupi wopita kwa ogula. Enafe tatsala ndi ziwiri zinazo, zomwe nthawi zambiri zimayendera limodzi: ukasankha ogula ochepa umawadziwa bwino, ndipo ukawadziwa bwino umapeza chimene ungawapatse chomwe ena alibe. Mbiri ya tiyi wa ku Mulanje ikuonetsa bwino mmene zimenezi zimachitikira, pamodzi ndi pamene zimakanikira.

Khofi atakanika

Azungu oyamba kutsegula minda m'munsi mwa phiri la Mulanje sanabwerere tiyi. Mbewu imene onse ankaithamangira inali khofi, moti mtengo wa khofi unajambulidwa pa chizindikiro cha boma la atsamunda la nthawi imeneyo. Koma chitangodutsa chaka cha 1900 khofiyo anayamba kukanika chifukwa cha tizilombo, matenda ndi chilala, pamene khofi wochuluka wa ku Brazil anali atagwetsa mtengo padziko lonse. Minda yambiri inasiyidwa.

M'chaka cha 1891 Henry Brown, yemwe analimapo khofi ku Ceylon, dziko lomwe lero ndi Sri Lanka, anatenga njere pa zitsamba za tiyi zimene amishoni a Church of Scotland anali nazo ku Blantyre n'kukazifesa ku Lauderdale ndi ku Thornwood. Kumeneku ndiye kunali kuyamba kwa ulimi wa tiyi wogulitsa m'Malawi. Kenya anadzabwera pambuyo.

Chimene chinapulumutsa tiyi n'chakuti anagwirizana ndi malowo. Mbali ya kumwera kwa phiri imalandira mvula yambiri kuposa madera ambiri a dziko lino, dothi lake ndi lofiira komanso lowawasa monga tiyi amafunira, ndipo m'miyezi yozizira chiperoni chimanyowetsa masamba pamene kwina kuli gwaa. Eni minda ataona zimenezi anasiya kuyesa ichi ndi icho, anaika mphamvu zawo pa mbewu imodzi imene madera ena sakanatha kuilima. Fodya angalimidwe ku Kasungu, ku Mchinji ndi ku Rumphi, koma tiyi m'dziko muno ndi wa Mulanje, Thyolo ndi kachigawo ka Nkhata Bay. Lero mayina a Lauderdale, Ruo, Esperanza, Mini Mini ndi Limbuli ali m'manja mwa kampani ya Eastern Produce, pamene Lujeri, Bloomfield ndi Sayama ali pansi pa Lujeri Tea Estates.

Tisabise kuti phindu la zaka zoyambirirazo silinachokere m'dothi mokha. Linachokeranso pa thangata, pamene mabanja, ambiri mwa iwo Alhomwe othawa nkhanza za Apwitikizi ku Mozambique, ankagwira ntchito pa esiteti ngati lendi ya malo okhalapo. Kutchipa kwa tiyi wa Nyasaland kunali kutchipa kwa munthu. Nkhani imeneyi tibwereranso kumapeto kwa mutuwu chifukwa sinathe.

Mpikisano umene sitingaupambane

Dziko la Malawi limapanga matani a tiyi pafupifupi 50,000 pachaka. Kenya amapanga oposa 500,000. Minda ya ku Kenya ili pamalo okwera kufupi ndi pakati pa dziko lapansi, kumene mvula imagwa kawiri pachaka ndipo amathyola chaka chonse. Kuno mbali yaikulu ya zokolola imabwera nthawi ya dzinja, kuyambira Disembala mpaka cha mu Epulo kapena Meyi. M'miyezi imeneyo fakitale imagwira usana ndi usiku, masamba amachita kusefukira, koma chilimwe chikafika makina omwewo amangokhala, pamene ngongole yake ikuwerengabe. Akenya ali ndi doko lawolawo la Mombasa, pomwe palinso msika waukulu wa tiyi. Wathu akagulitsidwa ku okushoni ya ku Limbe kapena kwa ogula achindunji ayenera kukwera thiraki kupita ku Beira, ku Nacala kapena ku Durban asanaone sitima.

Mukaphatikiza zonsezi muona kuti kampani ya ku Mulanje imene ingaganize zopambana Kenya pochulukitsa ndi kutchipitsa yasankha nkhondo yoluza. Tiyi wamba wa ku Limbe kawirikawiri amagulidwa kale pa mtengo wotsikirapo poyerekeza ndi wa ku Kenya. Kuutsitsanso ndi kudula malipiro a wothyola ndi mtengo wa mlimi, popeza palibenso pena podula.

Kufiira kwa m'kapu

Nanga n'chifukwa chiyani ogula a ku Britain ndi ku South Africa akhala akubwerabe kwa zaka zonsezi? Yankho lili m'chipinda cholawiramo tiyi chimene chimapezeka pa fakitale iliyonse.

Masamba akachoka kumunda amayalidwa m'zimabeseni zazitali momwe mphepo imadutsa pansi kuti afote. Kenako makina amawadula tizidutswa ting'onoting'ono, amasiyidwa kuti asinthe kuchoka kobiriwira kupita kofiirira, amaumitsidwa pamoto, n'kusefedwa m'magiredi. Giredi iliyonse imatumiza pang'ono m'chipinda chija. Mmenemo muli tebulo lalitali, ndipo pamwamba pake pandandalikidwa makapu oyera a zivindikiro, iliyonse ndi kambale kake koyera kutsogolo. M'kapu iliyonse amaikamo tiyi wolemera chimodzimodzi, amathira madzi owira, amadikira mphindi 5 kapena 6, n'kutsanulira m'kambale. Masamba onyowa amawakhuthulira pa chivindikiro kuti aoneke. Wolawa amayenda ndi supuni kuchokera kumapeto kuno kukafika uko. Amatunga, amakoka mwaphokoso kuti tiyi amwazike m'kamwa monse, amalavulira m'chitini, n'kupita pa kambale kena. Akathira kamkaka ndi pamene tiyi wa kuno amaonetsa chimene ali nacho: amafiira mowala, osati kuchita mbuu.

Kufiira kumeneku ndiye malonda athu. Makampani akuluakulu akunja sagulitsa tiyi wa munda umodzi. Amasakaniza wa maiko angapo, wina wa fungo, wina wa mphamvu, wina wa maonekedwe, kuti paketi ya chaka chino ikome chimodzimodzi ndi ya chaka chatha. Anthu a ku Britain amamwa tiyi wothira mkaka ndipo amafuna aoneke wofiira msanga. Pamenepo osakaniza amafuna wa ku Malawi.

Kufiirako sikunangosiyidwa m'manja mwa dothi. Ku Mimosa, kufupi ndi boma la Mulanje, kuli bungwe lofufuza za tiyi la Tea Research Foundation of Central Africa, lomwe linakhazikitsidwa m'chaka cha 1966. Akatswiri ake anayenda m'minda kusankha zitsamba zochita bwino pakati pa zikwizikwi, anakwatitsa mitundu, ndipo anatulutsa mbewu zodzala ndi timitengo todula m'malo mwa njere, kuti munda wonse ukhale wa khalidwe limodzi. Mtundu wa SFS 150 unatchuka popirira chilala mpaka unakadzalidwa m'maiko ena a mu Africa, pamene PC 108 unadziwika ndi ubwino wa m'kapu. Ntchito yotere imadya zaka. Kuchokera pamene katswiri wasankha chitsamba kufika pamene mlimi wauzidwa kuti adzale pamatha zaka zoposa 10, ndipo munda ukazulidwa n'kudzalidwanso pamapita zaka zingapo usanabweze ndalama. Koma kuchedwa komweko ndiko kumateteza. Chinthu chimene mnzako angachitengere mawa m'mawa sichingakusiyanitse naye kwa nthawi yaitali.

Komabe pali malire. Amene amadziwa za kufiira kwa tiyi wa ku Mulanje ndi wosakaniza uja, osati mayi amene akugula paketi m'sitolo ku Manchester kapena ku Johannesburg. Pa paketipo palembedwa dzina la kampani ya kunja. Mtengo ukakwera pang'ono, wosakaniza amachepetsa gawo la Malawi n'kuonjezera la dziko lina, womwa osadziwa kanthu. Kusiyana kumene kumadziwika ndi munthu wapakati yekha kumakupezera msika, koma sikukupatsa mphamvu yotchula mtengo.

Zimene anachita a ku Satemwa

Amene anayesa kudumpha malire amenewa ali kutsidya, m'boma la Thyolo. Esiteti ya Satemwa inayambidwa ndi Maclean Kay m'chaka cha 1923 ndipo ikadali m'manja mwa banja lomwelo. Poyerekeza ndi Eastern Produce kapena Lujeri ndi yaing'ono, choncho pa tiyi wamba sikanatha kulimbana nawo. Mdzukulu wa Maclean Kay, Alexander Kay, anayamba kupanga mitundu ya tiyi imene anthu ankaganiza kuti ndi ya ku China ndi Taiwan kokha: wobiriwira, woyera, wa oolong, ndi wina wakuda wochita kusungidwa kuti akhwime. Tiyi ameneyu sadutsa m'makina odula aja. Amapangidwa pang'onopang'ono, masamba ali athunthu, wina wochita kupotokola ndi manja.

Chodabwitsa kwambiri ndi tiyi wotchedwa Satemwa Antlers. Amapangidwa ndi timitengo tanthete ta kunsonga, tomwe pa tiyi wamba timaonedwa ngati zinyalala zotsitsa giredi. Iwo amatisankha ndi manja, amatiumitsa mosamala, ndipo okonda tiyi a ku Ulaya ndi ku America amatiitanitsa potchula dzina. Kampani ya ku London ya Rare Tea Company, ya mayi Henrietta Lovell, imagulitsa tiyi wakuda wa ku Satemwa pa dzina lakuti Lost Malawi. Tiyi wotere amagulitsidwa m'timapaketi ta magalamu ochepa, ndipo mtengo wake pa kilogalamu umaposa kambirimbiri wa ku okushoni.

Wina angaganize kuti apa nkhani yatha, aliyense angoyamba kupanga tiyi woyera. Ayi. Ogula tiyi wotere ndi ochepa, ndipo sapezeka ku Limbe. Uyenera kuwasaka mmodzimmodzi, kuwatumizira zolawa, kuyankha makalata awo, kupita ku zionetsero zakunja, ndi kuwapatsa chaka chamawa chinthu chofanana ndi chimene anachikonda chaka chino. Ukawakhumudwitsa kamodzi amauzana. Ngakhale ku Satemwa komweko tiyi wochuluka amene amatuluka m'fakitale ndi wakuda wamba. Chimene tiyi wapaderayo wachita ndi kupatsa esitetiyo dzina, ndi ogula amene sangasinthe n'kupita kwina chifukwa choti mtengo wasiyana ndi masenti awiri. Ine ndimaona kuti ichi n'chachikulu kuposa ndalama zimene timapaketito timabweretsa.

M'boma lomwelo la Thyolo muli chitsanzo china chimene aliyense amachidziwa patebulo. Alford Nalilo Khoromana anayamba kupanga tsabola wa m'botolo m'zaka za m'ma 1970, ndipo kampani yake ya Nali ikudziwika ndi tsabola mpaka lero. Mitundu ilipo ingapo, wa adyo, wa jinja, wa kambuzi, koma yonse ndi tsabola. Sanabise kuwawa kwake kuti akope anthu onse; anachita kulemba chenjezo pabotolo kuti abale asamale. Amene sakonda zowawa sagula, ndipo kampaniyo inavomera kuwataya. Amene amakonda amanyamula mabotolo m'zikwama popita ku Joni kapena ku Ulaya, ndipo m'nyumba zambiri munthu sapempha tsabola, amapempha Nali.

Kusankha ogula kungakhalenso kusankha malo. Ku Bondo, m'munsi mwa phiri, kampani ya Mulanje Electricity Generation Agency imapanga magetsi ndi madzi a mtsinje wa Lichenya n'kumagulitsa m'midzi imene mawaya a ESCOM anali asanafike. Siinapite kukalimbana ndi ESCOM m'tauni. Inapita kumene chipatala, sukulu ndi chigayo zinalibe wozipatsa magetsi.

Alimi ang'onoang'ono a Sukambizi

Mlimi wa theka la ekala alibe fakitale, alibe chipinda cholawira, ndipo masamba ake akathyoledwa ayenera kufika kufakitale tsiku lomwelo, apo ayi aonongeka. Sangasunge kudikira mtengo monga amachitira wa chimanga. Boma linayambitsa Smallholder Tea Authority m'chaka cha 1967 kuti Amalawi nawonso alime tiyi, koma patapita zaka dongosololo linafooka, malipiro ankachedwa, ndipo alimi ambiri anayamba kugulitsa masamba ku maesiteti oyandikana nawo.

Alimi ogulitsa ku Lujeri anapanga bungwe la Sukambizi Association Trust, ndipo m'chaka cha 2008 analandira chiphaso cha Fairtrade. Masamba awo sanasinthe. Chinasintha ndi chimene wogula wa ku Ulaya amauzidwa: kuti tiyi uyu walimidwa ndi alimi amene ali ndi bungwe lawo, amasankha okha atsogoleri, ndipo pa kilogalamu iliyonse yogulitsidwa pansi pa chizindikirocho pamabwera ndalama yapadera ya masenti 50 a dola ya America, yomwe alimiwo amagwirizana okha chochita nayo. Ndalama imeneyi yamanga milatho, midadada ya sukulu, chipinda cha amayi oyembekezera, ndipo yabweretsa madzi abwino m'midzi. Apa tikuona kuti katundu angasiyane ndi mnzake osati pa kakomedwe kokha komanso pa mmene wapangidwira ndi amene wapindula naye, malinga ngati pali ogula amene zimenezo zimawakhudza.

Koma kusiyana kumeneku n'kobwereka. Chizindikiro si cha alimiwo, ndipo alimi a ku Kenya, Rwanda ndi India ali nachonso. Si tiyi yense wa Sukambizi amene amapeza wogula wa Fairtrade. Wotsalayo amapita pa mtengo wamba. M'chaka cha 2017 sitolo zazikulu za Sainsbury's ku Britain, zomwe zinkagula tiyi wambiri wa alimi a kuno, zinachotsa chizindikiro cha Fairtrade pa mitundu ina ya tiyi wawo n'kuyambitsa dongosolo lawolawo, momwe kagwiritsidwe ntchito ka ndalama yapadera ija kanayenera kuvomerezedwa ku London. Alimi a mu Africa anadandaula poyera. Uku ndiye kuopsa kwa kudalira ogula ochepa: mmodzi akasintha maganizo, mudzi wonse umamva. Wosankha kagulu ka ogula aonetsetse kuti kaguluko si munthu mmodzi.

Mmene mungayesere kusiyana kwanu

Si kusiyana kulikonse kumene kumabweretsa ndalama. Kupenta okala yanu mtundu wina n'kusiyana ndithu, koma wogula sangaonjezere tambala chifukwa cha penti, ndipo mnzanu akhoza kupenta yake Loweruka lomweli. Musanaike ndalama dzifunseni ngati wogula adzachione chinthucho payekha popanda inu kumufotokozera, ndiponso ngati adzalolere kulipira zoposa zimene mwaonongapo. Kenako dzifunseni kuti mnzanu zingamutengere nthawi yaitali bwanji kuti atengere. Zovuta kutengera nthawi zambiri sizikhala zogula m'sitolo. Zimakhala luso la manja, kukhulupirika kumene mwakumanga kwa zaka, kapena malo amene muli.

Mlimi wa zinanazi amene wagwirizana ndi malo ogona alendo a ku Likhubula kuti aziwapatsira zakupsa bwino m'mawa uliwonse, osaphonya tsiku, wachoka kale pa mpikisano wa pawindo la minibasi, ngakhale chinanazi chake chili chomwecho. Koma ayenera kuvomera kutaya zina. Tsiku limene venda wa ku Blantyre wabwera ndi mtengo wokwera, iye sangagulitse zonse n'kusiya kasitomala wake wa tsiku ndi tsiku chimanjamanja. Ambiri amagwera pamenepa. Amafuna dzina la munthu wodalirika, koma safuna kukana ndalama ya lero.

Dzina la phiri

Ku India kuli dera la m'mapiri lotchedwa Darjeeling. Tiyi wake sakwana ngakhale gawo limodzi mwa magawo 100 a tiyi yense wa dzikolo, koma dzina lake limadziwika padziko lonse, ndipo kuyambira m'chaka cha 2004 lamulo la India limaletsa kuligwiritsa ntchito pa tiyi wolimidwa kwina. Sri Lanka amadinda mkango pa paketi ya tiyi wolongedzedwa kwawo. South Africa anamenyera dzina la rooibos mpaka maiko a European Union analiteteza m'chaka cha 2021. Onsewa anazindikira kuti mbewu ingasamutsidwe, makina angagulidwe, koma malo sangakopedwe.

Mulanje ali ndi zonse zofunika pa dzina lotere. Ndiye chiyambi cha tiyi wogulitsa m'Malawi. Nsonga ya Sapitwa, yotalika mamita 3,002, ilibe inzake m'chigawo chino. Mu Julaye 2025 bungwe la UNESCO linaika phirili pa mndandanda wa malo a chuma cha dziko lonse, kukhala lachitatu m'Malawi pambuyo pa paki ya Nyanja ya Malawi ndi mapanga a Chongoni. Ngakhale zili choncho, tiyi wochuluka wa m'munsi mwa phirili amachoka m'matumba akuluakulu okhala ndi nambala ya giredi, kukalongedzedwa ndi kupatsidwa dzina kutsidya la nyanja. Ndalama zambiri za paketi ya tiyi zimatsalira kumene kumachitikira kusakaniza, kulongedza ndi kutsatsa. Ine ndikuona kuti maesiteti, mabungwe a alimi ndi boma anachedwa kukhala pansi n'kugwirizana kuti tiyi wotani ayenera kutchedwa wa Mulanje, ndi kuteteza dzinalo mwalamulo.

Chinthu chimene ulibe mnzako wopikisana naye chimafunanso kuchisamala, ndipo phiri lomweli lili ndi umboni wowawa. Mkungudza wa Mulanje sumera mwachilengedwe kwina kulikonse padziko lapansi. Matabwa ake ndi onunkhira, chiswe sichiwadya, ndipo unalengezedwa kukhala mtengo wa fuko m'chaka cha 1984. Ukanagulitsidwa pang'onopang'ono, wosemedwa bwino, pa mtengo woyenera chinthu chosowa, bwenzi ukudyetsa mabanja mpaka kalekale. M'malo mwake unachekedwa mobisa n'kutsitsidwa pamutu ngati matabwa wamba a denga ndi zitseko. Pofika m'chaka cha 2017 ofufuza anapeza mitengo ikuluikulu 7 yokha m'phiri lonse. Bungwe la Mulanje Mountain Conservation Trust ndi anthu a m'midzi yozungulira adzala mbande zambirimbiri, koma amene adzacheke thabwa la mitengo imeneyo mwina sanabadwe.

Manja a wothyola

Ubwino wa tiyi umayambira pa zala. Wothyola waluso amatenga masamba awiri anthete ndi kansonga kosatseguka, manja onse awiri akuyenda pamwamba pa chitsamba, n'kumaponya kumsana m'dengu osacheuka. Akatsitsa dzanja pang'ono n'kutenga tsamba lachitatu ndi lachinayi, dengu limalemera msanga koma tiyi amatsika giredi, ndipo palibe makina a m'fakitale amene angabwezeretse chimene chatayika pamenepo. Kapitawo amayendera masamba, inde, koma malipiro a tsiku amadalira kukwanitsa mulingo wa makilogalamu, ndipo zoonjezera zimawerengedwanso pa sikelo. Mayi amene ali ndi ana kunyumba akudziwa bwino chimene sikelo imafuna.

Nthawi ya dzinja ntchito ya tiyi imalemba anthu pafupifupi 50,000, ndipo malipiro awo akhala nkhani yodandaulitsa kwa zaka zambiri. M'chaka cha 2015 makampani olima, ogula akunja ndi mabungwe monga Oxfam anayambitsa ndondomeko ya Malawi Tea 2020 yofuna kukweza malipirowo, ndipo mu 2016 bungwe la Tea Association of Malawi linasainirana koyamba mgwirizano wa malipiro ndi bungwe la ogwira ntchito m'minda la PAWU. Malipiro anakwera, koma kukwera mitengo kwa zinthu ndi kugwa kwa kwacha kwadya gawo lalikulu la phindulo.

Eni maesiteti amanena kuti sangalipire zambiri pamene tiyi akugulidwa motchipa, ndipo pa tiyi wamba akunena zoona. N'chifukwa chake nkhani ya kusiyana ndi anzathu pamsika si ya m'maofesi mokha. Mtengo wabwino udzabwera ndi tsamba labwino ndi dzina lodziwika, ndipo tsamba labwino lidzabwera pamene wolithyola ndi mlimi wolilima adzaone kusiyana kwake m'thumba. Pamene malipiro akutsatira kulemera kwa dengu kokha, fakitale izilandira masamba olemera. Maesiteti ndi mabungwe a alimi amene akufuna kuti tiyi wa Mulanje azigulidwa potchula dzina ayambe akonza kalipiridwe ka pa sikelo.